Kupuma Kuwiri kwa a Sitima

Kwa Mkhumba mukafunsa kuti a Sitima ndi ati, anthu sayamba n'kukulozerani munthu. Amakulozerani nyumba. Iyo, iyo, tchalitchi icho, ngakhale chimbudzi cha kusukulu chija, zonsezo ndi njerwa za a Sitima. Munthu anayamba kuwotcha njerwa ndevu zisanamere, mpaka imvi zinawapeza ali pakhomo pa uvuni, maso ali psuu, chingambwe chili kukamwa. Utsi kutsogolo, utsi kukamwa. Mapapo aja sanaonepo tchuthi.

Akazi awo ndi a Perpetua, koma dzina limenelo limangomveka kuchipatala ndi kovota. Pamudzi ndi amake Hilda. Zaka pafupifupi makumi anayi iwowa ndi amene ankatunga madzi opondera dothi, kutsuka chikombole, kuyala udzu pa njerwa zaziwisi kuti dzuwa lisazing'ambe. Ntchito ya uvuni amaidziwa ngati mwini wake, kungoti dzina linapita kwa abambo.

Tsono a Sitima ali ndi mbiri imodzi: sanama. Wogula akabwera ankachita kumuuza okha kuti, "Izi zam'mwambazi sizinapse bwino, musatenge." Koma amake Hilda ankadziwa mbali ina ya nkhaniyi. Abambowa bodza sanena, eya, koma choonadi amachipinda ngati waya wa msampha. Tsiku lina atawasankha ukulu wa mpingo, abusa anawafunsa anthu ali pomwepo kuti, "A Sitima, nanga fodya uja?" Iwo nkhope ili gwa, manja pachifuwa: "Abusa, fodya ndamusiya." Anthu m'manja, amayi nthungululu. Fodya anamusiyadi, pawindo kunyumba, ataphimba ndi kapu.

Amake Hilda tsiku limenelo anangoyang'ana pansi n'kumakonza chitenje chomwe sichinamasuke n'komwe. Ndiwo unali mchitidwe wawo. Anawalangiza akulowa m'banja kuti mwamuna samutsutsa pagulu, zolakwika amakakamba awiri m'nyumba, ndipo lamulo limenelo analisunga kuposa malamulo khumi aja. Abambo akapinda waya, mayi akonza chitenje. Banja linkayenda choncho.

Matenda anayamba ndi chifuwa chachikulu, kalekale. Anamwa mankhwala, anachira, koma mapapo anatsala ndi zipsera. Kenako kunabwera namondwe uja wa Freddy, nyumba za zidina kusungunuka ngati shuga mu tiyi, aliyense akufuna njerwa zowotcha. A Sitima chaka chimenecho anali uvuni uno kutha, wina kuyatsa. Mmene chaka chimatha anayamba kutsokomola, tsiku lina m'makhololo munaoneka magazi. Anayeza TB, palibe. Anawatumiza ku Blantyre, kuwajambula uku ndi uku, kutapako kanyama, yankho n'kutuluka: khansa ya m'mapapo, mbali ya kumanja.

Opaleshoni anakana madokotala. Anati mapapo ofooka chonchi, tikadulako mbali, yotsalayo siingawanyamule. Koma pali makina owotcha chotupacho.

"Owotcha?" A Sitima anachita kudzuka pampando. "Mwati kuwotcha? Amake Hilda, mwamva? Awa ndi anzanga a ntchito awa!"

Anakhala m'tauni kwa mwana wawo Hilda masabata angapo, tsiku lililonse kukagona pansi pa chimakina, manja m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi. Moto wake wosaoneka, wopanda utsi, ndipo a Sitima zinkawanyansa zimenezo. "Moto wanji wopanda nkhuni? Aulesi anthu ake." Koma unagwira ntchito. Anabwerera kumudzi magazi atasiya, nkhope itabwerera, n'kukhala chaka ndi miyezi inayi akudya kalongonda wawo bwinobwino. Fodya ulendo uno anamusiya kusiya kwenikweni.

Mwezi wa Julayi chifuwa chija chinabweranso.

Anawajambulanso. Adokotala, mayi wamagalasi woyankhula mofatsa ngati akuwerenga kalata ya maliro, anatembenuza kompyuta kuti onse awiri aone. Chotupa chamera pomwe paja, pamalo owotchedwa kale.

"Ndiye tiwotchenso," anatero a Sitima.

"Bambo, mvetserani bwino," anatero adokotala. "Moto wachiwiri pamalo amodzimodzi si masewera. Suwotcha chotupa chokha, umalawako ndi mapapo oyandikana nacho. Ngati mapapo anu ali ndi mphamvu, tingayese. Koma ngati ali ofooka kwambiri, chotupa tingachiphe, inuyo n'kukanika kupeza mpweya, m'masabata ochepa n'kukutayani. Ife ndi amene tingakhale takufulumizitsani. Mubwerenso Lachinayi la sabata ya mawa. Zonse zidalira mmene mukupumira."

Mawu amenewo amake Hilda anawamanga pa nsonga ya chitenje n'kubwera nawo kumudzi. Chifukwa mmene abambo ankapumira, iwo ankadziwa.

Kuchokera pakhonde kufika kuchimbudzi ndi mapazi makumi atatu. A Sitima ankaima kawiri. Koyamba pa mtengo wa papaya, kuugwira ngati akuuyeza kunenepa. Kachiwiri pa nkhokwe, kunamizira kuyang'ana chiswe. Kusamba ankasamba atakhala pa mpando. Kugona chagada kunatha kalekale, ankagona chotsamira thumba la nandolo. Akamanga chingwe cha nsapato imodzi, inayo inkadikira kaye. Ndipo m'chifuwa munkalira kanthu, fyee, fyee, ngati mwana wa mphaka watsekeredwa m'dengu.

Lachitatu masana amake Hilda ankapeta nandolo pabwalo. Abambo ali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango.

"Amake Hilda."

"Wawa."

"Mawa woyankhula ndine. Inu mukangonyamula chikwama."

Lichero linaima. "Akakufunsani za kapumidwe?"

"Ndikayankha."

"Mukanena za papaya uja?"

"Papaya akudwala ndi iye?" Anatsokomola, n'kudikira mpweya ubwere. "Tamverani. Uvuni ukakana kupsa pakati, timatani? Timaulirira? Timabwezeramo nkhuni. Moto unandipatsa chaka ndi miyezi inayi. Ndikausiya, chinthuchi chizingokula, ine ndikuchiyang'ana."

"Nanga njerwa zam'mbali zija, zomwe zinapsa kale, mukabwezera moto zimatani?"

A Sitima anayang'ana kuphiri la Michesi ngati kwachitika zachilendo kumeneko.

"Bambo a Hilda, ndikufunsa. Zimatani?"

"Mwayamba liti kundiphunzitsa uvuni? Ine sindikanama kumeneko. Munandimvapo ndikunama?"

"Ayi."

"Basi. Petani nandolo."

Anapeta, nandolo wina kugwera nkhuku.

M'mawa mwake kabaza wa njinga yamoto anawatula pamsewu, minibasi n'kuwatenga kudzera ku Chiradzulu. Kondakitala kukuwa, "Limbe! Limbe! Amadala sunthani, mpandowo ndi wa anthu anayi!" Amadala osasuntha, akusunga mpweya ngati mchere wa m'chaka cha njala. Pachipata cha chipatala anakwera njinga ina mpaka pakhomo penipeni, kamtunda koti mwana wokwawa angafike. Anapeza benchi yoyandikana ndi chitseko cha adokotala n'kukhala. Maola atatu osagwedezeka. Madzi anakana, kuopa kupita kuchimbudzi. Atamva kuti watsala munthu mmodzi, anatulutsa kamankhwala kawo kopopera m'kamwa kothandiza kupuma, pwi, pwi, n'kukabisa m'thumba la jekete.

Amake Hilda ankangoona zonsezi.

"A Sitima Lingson!" anaitana a nesi.

Mapazi asanu ndi limodzi okha kufika pampando wa m'kati. Analowa chifuwa patsogolo ngati msilikali wa pa perete, kupereka moni mokweza, mpaka kuwafunsa adokotala za kunyumba. A nesi anawapana chala ndi kachipangizo koyeza mpweya wa m'magazi. Kanaphethira, kanaphethira, n'kulemba 93.

"Sizoipa kwenikweni," anatero adokotala, akuyang'ana pa faelo. Panja mzere unali wautali, wina akubuula pa machira. "Bambo, kunyumba mukupuma bwanji?"

"Kupuma? Adokotala, ine ndikupuma bwino kwambiri. M'mawa ndikupuma, masana ndikupuma. Chiyambire sindinapumepo ngati mmene ndikupumira chaka chino."

Amake Hilda anazindikira pomwepo. Ndi umenewo waya uja. Adokotala akufunsa kupuma kwa mpweya, abambo akuyankha kupuma kwa pampando. Ndipo ndi zoona zokhazokha, munthu amangokhala pansi pa mango tsiku lonse.

"Mukayenda mtunda simubanika?"

"Mtunda? Ine lero lomwe lino ndachokera ku Phalombe. Mukundiona ndikubanika?"

Adokotala anamwetulira pang'ono. "Nanga pogona?"

"Ndikagona ndagona. Afunseni awa mkonono wake."

Adokotala anakweza maso pamwamba pa magalasi. "Mayi, ndi zoona zimenezi?"

Mayi maso pansi. Dzanja linapita lokha pa chitenje. Anamva abambo akuwayang'ana, osatembenuka n'komwe, kungoyang'ana ndi khutu.

"Abambowa sanama," anatero, mawu ake ang'onoang'ono.

"Chabwino." Adokotala anakoka pepala lina la mizere yambiri. "Ndiye tiyambe kukonzekera. Lolemba mubwere akujambuleni poyezera malo owotcha, kenako ndikakambirane ndi anzanga."

Cholembera chinayamba kuyenda. Kwee, kwee, kwee. M'chipindamo munali zii, moti amake Hilda ankamva kamphaka kaja m'chifuwa mwa abambo, kakuyesa kulira, abambo akukapanikiza ndi kumeza malovu. Anayang'ana khosi lawo, mitsempha itatupa, thukuta likutsikira mu kolala. Munthu wangoyankhula mawu angapo basi. Anaganiza za papaya. Anaganiza zoti akangokhala chete mphindi ina imodzi, atuluka muno abambo akusangalala, akawagulira mwina ndi fanta panjira. Ndipo akayankhula, munthu amene wakhala naye zaka zonsezi achita manyazi pamaso pa akazi awiri achilendo, ndiponso akhala atamulanda chinthu chokhacho chimene akuchikhulupirira. Nanga ngati motowo ukanawachiritsa? Iwo ndi ndani, mayi wopeta nandolo, kuti atseke chitseko chimenecho?

Cholembera chinafika pansi pa pepala, posainira.

"Adokotala."

Mawu anatuluka okha, aakulu kuposa mmene ankafunira.

"Amake Hilda," anatero a Sitima, motsitsa kwambiri.

"Adokotala, afunseni kuti kupuma kwake kuti."

Cholembera chinaima. "Mwati bwanji, mayi?"

"Kupuma kulipo kuwiri. Iwowa akunena kwa pampando. Kumeneko ndiye akupumadi, sananame. Koma kwa mpweya..." Analoza chifuwa cha abambo. "Kuchimbudzi amaima kawiri. Amagona chokhala. Ku Phalombe achokeradi, koma pa matayala. Apa akhala pabenchi kuyambira m'mawa, ndipo apopera mankhwala asanalowe."

A nesi anayang'ana kudenga. A Sitima sanatembenuke.

Adokotala anavula magalasi, n'kuika cholembera pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe. "Bambo Sitima, tiyeni tiyende pang'ono. Kachipangizoka kakhale kuchala. Mungofika pawindo ilo kumapeto kwa khonde n'kubwerera."

"Palibe vuto," anatero a Sitima. Anaimirira mwamphamvu zedi.

Anatuluka onse anayi, odwala a pabenchi akusuzumira. A nesi kumbali akuwerenga manambala mokweza, amake Hilda kumbuyo akuwerenga mapazi mumtima. Khumi. "Nainte-wanu." A Sitima akuponda ngati akupita kukalandira mphotho. Khumi ndi asanu. "Eyite-eyiti." Mapewa anayamba kukwera. Makumi awiri, pomwe pamakhala papaya kunyumba, dzanja linatambasuka lokha kufuna mtengo, n'kupeza mpweya. Analibweza msanga m'thumba. "Eyite-faifi." Kamphaka kaja kanamasuka, fyee, fyee, khonde lonse kumva.

"Bambo, imani," anatero adokotala.

"Windo... silo..."

"Eyite-wanu, adokotala!"

"Bambo a Hilda, imani!"

Anaponda kawiri kena, milomo itachita bii, mawondo n'kupinda. Amake Hilda anawagwira m'chiuno asanafike pansi, a nesi kukuwa kuti mpando, mpando, wina kuthamanga ndi botolo la okosijeni. Anawaika kachigoba kumphuno. Maso a a Sitima anali tong'oo, akuyang'anabe windo lija. Linatsala mapazi khumi.

Panapita nthawi kuti manambala akwerenso. Atabwerera m'chipinda, adokotala anatenga pepala lija n'kulilowetsa pansi pa faelo.

"Bambo, moto waukulu uja sitiwotcha. Mapapo awa sangaupirire. Tikanakupimanibe tisanayambe, koma bola tadziwiratu lero, musanavutike ndi maulendo."

"Ndiye chotupacho?" Mawu akutuluka m'kachigoba ngati a m'chitini.

"Chikhalapo. Sindikunamizani. Tikupatsani mankhwala ochepetsa chifuwa ndi kubanika, ndikulemberani kalata kuti anzathu a kwanu komweko azikuonani pafupipafupi. Magazi akadzachuluka, pali kamoto kakang'ono ka masiku ochepa kongoletsa magaziwo, tingadzakambirane. Koma kuchithetsa, ayi."

"Nthawi yake?"

"Sindingakupatseni tsiku. Koma ndikuona kuti njira iyi ikupatsani masiku ochuluka muli kwanu kuposa inayo." Kenako anatembenukira kwa mayi. "Mwachita bwino."

Mayi ananyamula chikwama. Sizinkamveka ngati kuchita bwino.

Panja pa chipata, akudikira njinga, a Sitima anayankhula kamodzi kokha, osawayang'ana.

"Mwandimaliza, amake Hilda."

Mu minibasi anakhala mipando yosiyana. Kondakitala ankaganiza kuti sadziwana.

Kunyumba ndiye kunayamba sewero loti anthu akanalipira polowa, kungoti kwa eni ake silinali loseketsa. A Sitima anasiya kuyankhula ndi akazi awo, n'kuyamba kuyankhula ndi nkhuku. "Iwe nkhuku, ukawauze eni ake pakhomo pano kuti munthu wabodza akufuna madzi osamba." Mayi kubweretsa madzi. "Iwe tambala, kawafunse adokotala a pakhomo pano ngati ndikuloledwa kudya chinangwa." Mayi kubweretsa chinangwa. Akapita kumjigo amayi anzawo ankawafunsa za ku Blantyre, iwo ankangoti tayenda bwino. Kuseri kwa khitchini ndi kumene ankakalira, chifukwa funso lija silinawasiye: nanga ngati ndinalakwitsa? Chifuwa chikawagwira abambo, iwo ankamva ngati ndi iwo achiitana.

Masiku asanu ndi anayi choncho.

Tsiku lakhumi kunabwera a Frank, a nyumba yachitatu kuchokera apo, bambo amene anaumba njerwa zake yekha kuti amange nyumba ya malata. Anavula chipewa, kukhala pa chitsa.

"Mosheliwa, madala."

"Tadzuka, a Frank. Nkhope yakwinyika bwanji?"

"Madala, uvuni wanga wandichita chipongwe. Ndaphwasula mbali imodzi, zam'mbali zapsa bwinobwino, zikulira ngwee. Koma pakati ndi zidina zenizeni. Ndiye ndimati ndimatenso, ndibwezere nkhuni. Mukuona bwanji?"

Amake Hilda anali pakhonde akusenda chinangwa. Mpeni unaima pakati pa khungu.

A Sitima anayang'ana nkhuku. Nkhuku sinawathandize. Anayang'ana Michesi. Anakanda chibwano. Pa nkhani ya njerwa munthuyu sanapindepo waya chibadwire, ndipo mudzi wonse umadziwa.

"Zam'mbalizo zapsa kwambiri?"

"Kwambiri, zina mpaka kuchita mdima."

"Dothi lake la kudambo kuja, lamchenga?"

"Lomwelo."

A Sitima anakoka mpweya, kamphaka kakulira.

"Mukabwezera moto, zapakati zipsa," anatero. "Koma zam'mbalizo mudzazitola ndi fosholo. Zidzanyenyeka zonse. Dothi limenelo silipirira moto kawiri. Phwasulani, mumangire zomwe zapsazo. Nyumba ichepa, koma mugonamo."

A Frank anadandaula, anathokoza, n'kumapita akupukusa mutu. Pabwalo panatsala anthu awiri ndi nkhuku. Mpeni sunayambenso kusenda.

"Amake Hilda."

Mayi anayang'ana kaye nkhuku, kuti mwina ndi imene ikuitanidwa.

"Ndikuitana inu. Sindinati munachita bwino, musamve molakwika. Munandivula pamaso pa anthu."

"Ndinakuvulani."

"Ndipo windo lija ndikanafika."

"Mukanafika, pa machira."

Anafuna kuseka, chifuwa n'kuwalanda. Mayi anathamanga ndi madzi, kuwasisita kumsana mpaka chinatsika. Atapeza mpweya anagwira dzanja la mayi osalisiya.

"A Frank aphwasula molakwika uvuni uja, ndikuwadziwa. Ayambira pansi. Ndiperekezeni ndikaone."

"Ndi kutali, bambo. Mapazi oposa zana."

"Ndiye nyamulani mpando. Si paja munalembedwa ntchito yowerenga mapazi anga?"

Ananyamuka, abambo patsogolo, mayi kumbuyo mpando uli pamutu ngati ndowa. Anadutsa papaya osamugwira, mwadala, kumuyang'ana ndi diso la m'mbali. Pa nkhokwe anapitirira. Atafika pa mpanda wa nyumba yoyandikana nayo anaima, n'kuloza pansi. Mayi anatsitsa mpando msanga.

"Makumi atatu ndi anayi," anatero mayi.

A Sitima anakhala, maso otseka, mapewa akukwera ndi kutsika. Anthu odutsa ndi njinga ankapereka moni, iwo kungokweza dzanja.

"Mukutani, bambo a Hilda?"

"Ndikupuma."

"Kupuma kwake kuti?"

Anatsegula diso limodzi.

"Konse kuwiri. Dikirani pang'ono, mayi, tipitirira."